Nambala ya a Albertina m'chipewa cha foromani

A Albertina sankachita chinthu asanawerengetsere. Anawoloka malire n'kufika ku chigwa cha Honde kuchokera ku Mozambiki nkhondo itawotcha mudzi wawo, atagwira dzanja mwana wawo Rebeka, ndipo anapeza ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Ruda. Sukulu sanaipondeko, koma mutu unali wakuthwa. Mtambo ukakhala paphiri m'mawa ankati, "Pa masiku khumi otere, asanu ndi awiri mvula imagwa." Ife tinkawaseka, kenako n'kubwerera kukomboni titanyowa.

Ndinathyola nawo mzere umodzi zaka zisanu ndi zitatu, ndiye ndikunena zomwe ndinaona.

Lamulo la tiyi ndi masamba awiri ndi kansonga, basi. Foromani wathu, a Danieli, sakanatha kufufuza madengu onse makumi anayi, choncho anali ndi zitsekerero za mabotolo, chilichonse cholembedwa nambala ya munthu. Pasikelo ankaziponya m'chipewa, n'kukhutchumula, n'kutola zinayi. Amene nambala yake yatuluka, dengu lake linkakhuthulidwa pathumba aliyense akuona. Dengu la a Albertina silinapezekepo ndi kamtengo ngakhale kamodzi.

Chilala cha 1992 chitabwera, tiyi anasiya kuphuka, ndipo esiteti inayamba kuchepetsa anthu. Anatiuza kuti wopezeka ndi masamba okhwima achotsedwa tsiku lomwelo. Ntchito ikatha nyumba ya kukomboni imapita nayo, ndipo kwa anthu akutsidya ngati a Albertina kunalibe kwina koloza.

Sabata imeneyo nambala yawo, 17, inatuluka Lolemba. Lachiwiri inatulukanso. Tinawaseka kuti chipewa chawakonda.

Lachitatu tili pamzere wa sikelo, Rebeka anawanong'oneza amayi akewo. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwamuna atapita ku Mutare osabwerera, ndipo msana unamukana tsiku lonse. Poopa kuti dengu lipepuka n'kutchedwa waulesi, anadzaza pansi ndi masamba okhwima ndi timitengo.

"Amai, ndatya, ndili ndi mantha," anatero. "Ndalakwitsa nhasi, lero lomwe lino. Ikatuluka yanga ndatha."

A Albertina anayamba kuwerengetsera, milomo ikuyenda. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, pa zaka zonsezi munaonapo nambala ikutuluka masiku atatu otsatana?"

"Sindinaonepo," ndinayankha. Chinali choona, ndipo mpaka lero ndimadana nalo yankho limenelo.

"Pronto, basi. Yanga yadya kale kawiri. Bweretsa dengulo, mwanawe."

Anasinthana madengu mwakachetechete. Ine ndinaona kuti ndi nzeru, ndinafika pogwedeza mutu. Tonse atatu tinaiwala chomwe tinkachiona ndi maso tsiku lililonse: a Danieli akamaliza, zitsekerero zonse zinkabwerera m'chipewa. Ya 17 inali mmenemo mofanana ndi ya Rebeka, mofanana ndi yanga. Chitsekerero sichidziwa kuti dzulo chinatuluka.

A Danieli anatola choyamba, 6. Chachiwiri, 31. Atatola chachitatu anaseka.

"Seventini futi! Amai a Rebeka, bwerani mutiphunzitse kuthyola."

Anthu anaseka nawo. A Albertina anayenda bwinobwino, n'kukhuthula okha dengulo. Pamwamba panagwa masamba anthete, kenako timitengo tinayamba kugogoda pathumba. Kuseka kunatha. Mayi wina anagwira pakamwa. A Danieli anayang'ana mulu uja, n'kuyang'ana mwini wake, ngati munthu wapeza njoka m'nsapato yake.

"Dengu ili ndi lanu?"

Rebeka anatsegula pakamwa. Amayi ake anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo anatseka.

"Ndi langa," anatero a Albertina.

A Danieli sanali munthu woipa, koma kalaliki wa esiteti anali ataima pambali pawo, ndiye ntchito ya a Albertina inathera pomwepo. Chachinayi chinatuluka 22. Nambala ya Rebeka siinatuluke tsikulo, kutanthauza kuti akanapanda kusinthana palibe akanagwidwa. Zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa zonse.

Nyumba inali m'dzina la a Albertina, ndiye anawapatsa masiku atatu. Rebeka anasamukira kwa ine. Amayi ake anapita ku Samanga kukalima m'minda ya anthu, ndipo mdzukulu wawo anamuona ali ndi miyezi iwiri.

Tsiku lochoka anadutsira pasikelo, mtolo uli pamutu, n'kupempha chitsekerero chawo. A Danieli anachifufuza m'chipewa n'kuwapatsa osawayang'ana kumaso. Anachimanga pansonga ya chitenje.

"Tsopano ndiye sichitulukanso," anatero.