Masamba a Abiti Wadi

Abiti Wadi anakulira ku Makanjira, kumene galimoto imamveka ikadali kutali, munthu n'kupeza mpata wochotsa mbuzi ndi ana panjira. Banja ndi limene linawabweretsa kuno kufupi ndi Makokola, m'mphepete mwa msewu wa tala wopita ku Monkey Bay. Mwamuna wawo anapita ku Joni kukasaka, ndipo mpaka lero akusakabe. Anawasiyira nyumba yosamaliza ndi mwana mmodzi, Sumaiya.

Sumaiya samva. Malungo aakulu anamugwira akadali wamng'ono, anamusiyira moyo koma anatenga makutu. Sukulu yake ili tsidya lina la msewu, ndipo pamalo owolokerapo msewu umakhota kuseri kwa mlambe. Ana enawo amawoloka ndi makutu, amamva injini, amamva hutala. Sumaiya amaiona galimoto itafika kale. Tsiku lina minibasi inamudutsa pafupi kwambiri mpaka mphepo yake inamuvula mpango kumutu. Mwanayo anafika kunyumba akuseka, koma mayi ake atamva kwa anzake anangokhala pansi.

Kumuperekeza tsiku lililonse kunali kosatheka. Abiti Wadi amadya za usipa: m'mawa amakapikula kudooko, masana amaanika pathandala, ndipo usipa sudikira munthu. Anthu a m'mudzimo anapemphapo mahampu ochepetsa liwiro pamsewupo, anauzidwa kuti adikire. Chikwangwani choti ana amawolokera pano chinalipo kale, koma wina anachizula, mwina pano ndi mbaula.

Nzeru inawabwerera pamaliro a mnansi. Anyamata anayala masamba pamsewu, monga mwa mwambo, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Abiti Wadi anaona zimene anali asanazionepo chibwerere kuno. Maminibasi omwe aja ankayenda ngati akuopa kuponda mazira, nyimbo atazimitsa. Anjinga ankatsika n'kumakankha. Mtima unawawawa: amoyo sawaopa, koma akufa amawapatsa ulemu wonsewu!

Maliro atatha, anayamba kulawirira ndi chikwanje. Ankathyola nthambi za nimu zaziwisi, kuyala uku ndi uku kwa mlambe, kenaka n'kutsikira kunyanja. Galimoto zinayamba kufatsa. Sumaiya ankawoloka bwinobwino, ndi ana a eni ake omwe.

Sizinatenge nthawi, kunabwera Che Dinala, mkulu wake wa mwamuna wawo uja, amenenso amatsogolera za kumanda m'mudzimo.

"Alamu, wamwalira ndani?"

"Palibe, alamu."

"Ndiye mukuitanira ndani? Masamba si choseweretsa. Mukutilosera tsoka inu."

"Mukufuna ndidzayale mwana wanga atagona kale pamphasa?" anafunsa Abiti Wadi. "Ndipatseni china choimitsira galimoto, ndisiya lero lomwe."

Che Dinala analibe china. Anangopukusa mutu n'kumapita.

Koma madalaivala si ana. Munthu wodutsa msewu womwewo m'mawa ndi madzulo amadziwa kuti mudzi sungalire miyezi yonseyo osatha anthu. Anayamba ndi kondakitala wina, mutu uli pawindo: "Amayi, maliro anu aja sanathebe?" Kenaka matayala anayamba kungopondapo. Abiti Wadi anawonjezera nthambi, zazikulu, mpaka manja anatuluka matuza. Ankadziwa kuti zikuwapulumuka, koma akanagwira chiyani china?

Ndiye kunagwa maliro enieni. Anamwalira gogo Mariya, mayi awo a Che Dinala, apongozi a Abiti Wadi. Anyamata anayala masamba pamalo omwe aja. Itakwana nthawi, amuna ananyamula jeneza, chonyamulira mtembo, kulowera kumanda, amene alinso tsidya lomwelo, azimayi n'kutsala pakhomo. Ali pakati pa msewu, kuseri kwa mlambe kunatulukira lole ya mchenga ili paliwiro. Dalaivala anawaona masambawo, koma anali atawazolowera. Mabuleki analira mochedwa. Amuna anabalalika, wina kugwera m'ngalande, ndipo jeneza linagwa pa tala. Palibe anafa, koma gogo Mariya anagona pamsewu anthu onse akuona.

Palibe anawakalipira Abiti Wadi, ndipo bola akanawakalipira. Azimayi anangosuntha pang'onopang'ono mpaka iwo anatsala okha pamkeka. Pobwera kumanda, Che Dinala anaima patsogolo pawo, maso ali psuu.

"Chinthu chimodzi chokha chimene msewu uwu unkatiopera, mwachitha inu. Musadzagwirenso tsamba."

Abiti Wadi anadziwa kuti zinali zoona.

Tsiku lotsegulira sabata, Sumaiya anavala yunifolomu yake. Mayi ake sanatenge beseni la usipa. Ankadziwa kuti kusapita kudooko ndi kugona ndi njala, lero, mawa, ndi masiku onse a sukulu amene akubwera. Anamugwira mwanayo dzanja mpaka pamlambe, anamuimika m'mbali, iwo n'kulowa okha pakati pa msewu, pokhota penipeni, manja ali m'mwamba.

Mayi wina wogulitsa mandasi anakuwa: "Abiti Wadi, chokanipo! Mufatu!"

"Akufuna maliro enieni kuti aime," anayankha osacheuka. "Ayambire ine."

Injini inamveka kuseri kwa mlambe, yolemera, yosafatsa. Hutala inalira. Mapazi awo sanasunthe. Mabuleki anakuwa, fungo la matayala linadzaza mphuno, ndipo minibasi inaima pafupi moti kutentha kwake anakumva pamimba. Dalaivala anatulutsa mutu n'kuyamba kutukwana.

Abiti Wadi anakodola ndi dzanja. Sumaiya anawoloka kumbuyo kwawo akudumphadumpha, osamva hutala, osamva matusi. Atafika tsidya anatembenuka, n'kuwauza mayi ake ndi manja kuti masana adzabwerenso kudzamuwolotsa.