Mawanga a pa Tsaya

Fakitale yathu itagulitsidwa, chakudya ndinkachipeza ndi penti, kujambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi ku Chawama. Mitundu ndinkaisakaniza ndi chala chachikulu, kusisita mpaka kuda kwa tsaya kulowe m'kuwala kwa mphumi popanda malire.

Kenaka alamu anga anaika kompyuta yakale m'shopu yawo ku Kamwala, nandikhazika pamenepo kuti ndizikonza nkhope za omwalira zoika pa mapepala a maliro. Mausi ya kompyutayo ndinadana nayo. Mitundu inkatuluka mizeremizere ngati chitenje, ndipo kangapo ndinadzipeza ndikusisita galasi ndi chala chamalovu. Panapita miyezi ndisanadziwe kupaka mopepuka, kubwereza kambirimbiri, maso akuwotcha, msana ukuwawa.

Tsiku lina amayi amasiye a ku Mandevu anabweretsa kachithunzi ka amuna awo. Pa masaya panali mawanga akuda. Ine ndinayesa n'chinyezi chawononga pepala, ndiye ndinawasalaza onse. Khungu losalala chotero ndinali ndisanalipangepo.

Amayiwo atabweranso anayang'ana nthawi yaitali.

"Ba penta, aba ni bandani?"

"Ndi amuna anu, mayi."

"Iyai. Bwezani vija vakuda. Nenze kuvisambika neka zaka zibili."

Ndinakwiya, sindinama, masana onse apita pachabe. Koma ndinagwiranso mausi n'kuyamba kubweza matenda pa nkhope ya munthu amene amayiwo anamusambitsa okha zaka ziwiri, banga limodzilimodzi, iwo ataima kumbuyo kwanga akundilozera pamene ndaphonya.