Katoni ya kuseri kwa chitseko

Ndinali ndi zaka 11 pamene amayi anga ankagwira ntchito yokolopa m'sunagoge wina kummwera kwa Dublin. Ntchitoyi anaipeza movutikira titangolandira chilolezo chokhala m'dziko muno, ndipo ndi imene inkatisunga m'kanyumba kathu ku Balbriggan. Lamlungu lililonse tikatuluka Misa yam'mawa tinkakwera sitima, kenako basi, chifukwa Ayuda amapemphera Loweruka ndipo tsiku limenelo tsache saligwira. Ine ndinkapita nawo poti panalibe wondisiyira. Ulendowo unkanditopetsa mpaka m'mafupa, ndisaname.

Chaka chimenecho anthu a pasunagogepo anagwirizana zosamala chilengedwe. Wotsogolera anali Mayi Miriyamu, gogo wamfupi woyenda ndi ndodo, koma wosaphonya kanthu ndi maso. Iwo ankati m'chipembedzo chawo muli lamulo lakalekale loletsa kuwononga chinthu popanda chifukwa, ngakhale mtengo wazipatso wa mdani wako pa nkhondo. Basi mbale zapulasitiki zimene ankadyera akatha mapemphero zinaletsedwa, kunabwera mbale zadothi ndi matambula agalasi. Nanga wotsuka zonsezo anali ndani? Amayi.

"Dziko akulipulumutsa ndi msana wanga," ankatero ali pasinki, koma chapansipansi.

Ine zinkandisangalatsa. Kusukulu ndinali katswiri wa mabini: mapepala mu yagirini, zotsala za chakudya mu yabulauni. Ndinkadzimva kwambiri, mpaka kumawadzudzula amayi kunyumba akasokoneza.

Lamlungu lina kukuwaza kamvula kosatha kaja, amayi anandituma kutolera timapepala totsala pamabenchi. Sabata iliyonse pasunagogepo ankasindikiza mawu a m'Malemba owerenga tsikulo, m'Chiheberi ndi m'Chingerezi. Amayi anati ndikaike m'katoni ya kuseri kwa chitseko. Katoniyo ndinaipeza yodzaza thoo ndi timapepala ta masabata apitawo, pamwamba pake pali mabuku awiri othothoka masamba. Ndinati mumtima, anthu awa amalalikira za chilengedwe koma akuweta zinyalala m'nyumba yopemphereramo? Ndinaikhwekhwereza mpaka panja, ndinakhuthulira zonse mu bini yagirini, n'kukankhira biniyo kumsewu poti galimoto yotenga zinyalala inkabwera Lolemba m'mamawa. Sindinauze munthu. Ndinkafuna adzaone okha n'kundiyamikira.

Cha m'ma 3 koloko Mayi Miriyamu anabwera kudzaona ngati mahita azimitsidwa. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, anaima nji.

"Agnesi," anatero poitana amayi anga, "katoni ya apa yapita kuti?"

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo anadziwa. 

"Ndine ndataya, mayi. Ndinaiwala. Pepani kwambiri," anatero amayi, manja akudontha madzi a sopo.

Mayi Miriyamu sanakalipe. Anangokhala pabenchi pang'onopang'ono, ndipo kukhala kumeneko kunandiopsa kuposa kukalipa.

"Ndinakuuzani tsiku loyamba lija," anatero. "Pamapepala amenewa pali dzina la Mulungu. Ife sitilitaya, ndipo sitilipereka kuti akaligaye likhale katoni ya mazira. Pepala likakalamba timakaliika m'manda, monga timachitira ndi munthu."

Mayo ine! Ndinaona ntchito ya amayi ikutipulumuka, ndi kanyumba kathu komwe. Ndikanangoti ndine, nkhani ikanakhala ya chibwana cha mwana. Koma ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Mwayi wake bini inali ikadali pamsewu. Tinaibweza pabwalo n'kuigubuduza. Mapepala oyera aja anali atasakanikirana ndi nyuzipepala, mabotolo a mkaka ndi makatoni onyowa. Ine ndi amayi Chiheberi sitinkachidziwa, choncho Mayi Miriyamu anakhala pampando pansi pa ambulera, ife n'kumawaonetsa pepala limodzilimodzi. Ili inde, ili ayi, ili inde. Maondo anga anachita dzanzi pasimenti, zala zinaleka kumva, fungo la mkaka wosasa lili m'mphuno. Amayi sanadzuke ngakhale kamodzi kuti awongole msana. Tinatha maola awiri.

Titalowa nawo m'kati, Mayi Miriyamu anayatsa mahita omwe aja anabwerera kudzazimitsa, ndipo tinayanika mapepala paliponse, pamahita, pamabenchi, pamawindo. Iwo anaima pakati akuyang'ana mbali zonse.

"Taonani kuchuluka kwake," anatero, ngati akuyankhula okha. "Timasindikiza dzina loyera kuti munthu aliwerenge ola limodzi, kenako tikalikwirire. Chikhalirecho mabuku ali m'mashelefu. Ine kulimbana ndi mbale, kuwononga kwenikweni kuli kuseri kwa chitseko changa."

Kenako anatembenukira kwa amayi. "Lamlungu mubwere monga mwa nthawi zonse, Agnesi."

Amayi anawomba m'manja monga timathokozera kwathu, maondo atapinda pang'ono. Mayi Miriyamu anatola pepala limodzi lonyowa n'kundipatsa ine, akundiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. "Iwe, yanika ili bwinobwino," anatero. 

Patapita masabata angapo timapepala tija tinasiya kusindikizidwa, anthu anabwerera ku mabuku awo. Amayi anagwira ntchito pamenepo zaka zina zambiri. Koma tsiku lija m'sitima yobwerera sanandimenye, sananditukwane, ndipo ndinkalakalaka akanangondimenya. Titadutsa siteshoni ya Malahide ndinati, "Sorry, Mum."

"Khala chete, Tadala, ndatopa," anatero, maso ali pawindo.

Lero ndimasamalira okalamba m'nyumba ina ku Drumcondra. Munthu akamwalira amatipatsa matumba akuda kuti tichotse za m'chipinda mwake, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, poti kalikonse ndimayamba ndafunsa abale ake. Asekeni. Ndinaphunzira kuti kusawononga sikuyambira pa bini, kumayambira pofunsa mwini chinthu kuti n'chiyani, ndiponso podzifunsa ngati chinafunika kupangidwa n'komwe.

Koma chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse n'china. Loweruka lotsatira amayi anapita kukalapa kwa ansembe, ndipo anakhalitsako mpaka ine ndinatopa kudikira pabenchi. Amayi anga ndi munthu amene anakana kukometsera nkhani yathu pamaso pa akuluakulu oona za othawa kwawo, anzawo onse akuwauza kuti bodza pang'ono lingatithandize. Bodza loyamba limene ndinawamva akunena analinena m'nyumba ya Mulungu, ntchito yawo ili pachiswe, kuti ine ndisachite manyazi. Anakalapa okha, ine ndikuwadikira panja.