Bolopeni Yofiira ya Amalume

Bolopeni yofiira ija inali yotafunidwa kumutu, yomangiriridwa ndi ulusi ku kope lalikulu la amalume. Amalume ankalemba nkhani za mafilimu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Zingwangwa. Akalemba mawu oti ochita sewero akalankhule, ankandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Lilime langa likapunthwa, ndinkakhwatcha ndekha mzerewo ndi bolopeni ija. "Akakukanika iwe, ndiye kuti wolakwitsa ndine," ankatero. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo matama anga sankakwana pakhomo.

Holide yaitali ya chaka chimenecho, fumbi lili koboo, kunabwera msuweni wanga wa ku Chikwawa. Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chisena. Akangotsegula pakamwa, amalume ankati, "Tabwereza!" n'kulemba. Sabata isanathe, bolopeni inali m'manja mwake. Abale, mtima unandiwawa! Chonsecho mwanayo sanandilakwire kanthu.

Ndinayamba kutsukira mbale pansi pa windo la amalume, kuziwombanitsa dala, uku ndikung'ung'udza. "Wobwera dzulodzuloli, ngakhale mpopi sadziwa kutseka!" Amayi ankandiopseza ndi mthiko, koma ine osasiya. M'katimo ndinkamva mapepala akutembenuzidwa mofulumira, ine n'kumati ndi mawu a uja akulembedwa.

Tsiku lina masana ndinadula ulusi uja, bolopeni n'kukaiponya m'chimbudzi. Amalume sanandimenye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Poiponya unkamva bwanji?" Anapitiriza kulemba ndi pensulo.

Filimuyo itatuluka anatitengera ku vidiyo sho ku Ndirande. Mabenchi olimba, fungo la thukuta ndi tchipisi, anthu thithithi. Munali mtsikana wina wamwano amene anataya nsapato ya mlendo m'chimbudzi, ndipo anthu ankagwa nako kuseka akangolankhula. Ine sindinkamumvera n'komwe. Makutu anga ankasaka mawu a msuweni wanga okha, ndikuwawerenga pa zala: anapezeka kanayi. Kanayi konse! Potuluka ndinawakoka shati amalume. "Nanga ine ndili pati?" Iwo anaseka mpaka kutsamira khoma, ine n'kulira m'minibasi njira yonse.

Chaka chatha, titawaika amalume m'manda, amayi anandipatsa kope lija. Masamba ambiri ndi a mtsikana wamwano uja, ndipo mawu ake onse ndi aja ndinkalavula pa windo, osasintha ngakhale limodzi, a mpopi omwe. Palibe mzere wake umene unakhwatchidwa. Holide yonse ija amalume ankamvetsera ine, pomwe ine ndinkalirira bolopeni.