Machenjezo achikasu pa laputopu

Mwana wanga wamkazi ankaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe. Tsiku lina anafika ndi laputopu pakashopu kanga kotchajira mafoni pa Mitundu. Ntchito ya kusukulu inkafunika kutumizidwa tsiku lomwelo.

Pulogalamu inkayenda, koma kompyuta inkatulutsa machenjezo achikasu ambirimbiri. Iye anati mizere ina ya pulogalamuyo anailembera pa makina a kusukulu, ina pa ake, ndipo makina awiriwa amatseka mzere ndi zizindikiro zosiyana, zosaoneka ndi maso. Aphunzitsi ankachotsa malikisi pa chenjezo lililonse.

"Ababa, batire lanu la sola lipirira?" anandifunsa.

Kunali mitambo, sola sinkakoka. Ndinazula mafoni onse n'kusiya laputopu yokha. Makasitomala awiri anakatchajitsa kwina ndipo sanabwerenso. Mwanayo anakonza mizere yonse n'kutumiza ntchitoyo batire lisanathe.