Chithunzi cha Achimwene Chimene Kompyuta Inatsekera

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa kasitolo kotayipa makalata pa boma la Ntcheu. Tinali ndi kompyuta imodzi ya intaneti. Mwini sitolo anaikamo pulogalamu yolondera mavairasi, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisadzaizimitse. Ndinkadana nayo pulogalamuyo. Inkakayikira chilichonse ngati apongozi ovuta.

Chaka china achimwene anga anamwalira ku Joni. Kubweretsa thupi sitikanatha, choncho anzawo anawaika konko. Kwathu ku Tsangano tinalira maliro opanda bokosi, koma litafika tsiku lometa, amayi anakana.

"Ndimete bwanji mwana wanga sindinamuone? Nanga ngati anaika wina?"

Maliro osameta satha. Abale anabalalika akung'ung'udza, ife tinatsala nawo malirowo m'nyumba.

Mnzawo wa achimwene anatumiza chithunzi cha malemuwo pa imelo. Nditangodina, kompyuta inalira n'kutulutsa mawu ofiira. Inati chithunzicho chabwera ndi vairasi, ndipo yachitsekera pachokha kuti chisapatsire zina. Ndinamupempha munthuyo kuti atumizenso. Anabwerera ku kompyuta yodwala yomwe anatumizira poyamba, matenda n'kukhala omwewo. Kenako foni yake inasiya kupezeka.

Amayi ankatsika pa lole ya kachewere, fumbi mpaka m'nsidze, n'kudzakhala pabenchi la makasitomala.

"Amumasula?"

"Ayi, amayi. Akuti chili ndi matenda."

"Munthu wafa kale, matenda ake aopsanso ndani?"

Ndinatopa kufotokoza. Ndinatopa ndi lole, ndi benchi lija, ndi tsitsi lawo lomwe linkangokula m'duku. Kuzimitsa mlondayo ndinkaopa, chifukwa m'kompyutamo munali ntchito za anthu, ndiponso ndi mmene ndinkadyera.

Panali batani lina loyeretsera, koma mwini sitolo anandichenjeza kuti pochotsa vairasi limatha kuononga chinthucho, osabwereranso. N'chifukwa chake ndinkalizemba. Tsiku lina masana, amayi akusinza pabenchipo, ndinangoti zivute zitani, n'kulidina.

Chithunzi chinatseguka, koma theka. Kumtunda konse, kumene kukanakhala nkhope, kunali phulusa lokhalokha. Kunatsala jekete lakuda ndi manja opingasa pamimba. Ndinaona kuti ndataya nkhope ya achimwene ndi chala changa chomwe.

Ndinawadzutsa amayi. Anayandikira, napukuta galasi la kompyuta ndi nsonga ya chitenje, ngati kuti phulusalo lichoka. Silinachoke. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza chala chaching'ono cha kudzanja lamanzere, chopindika chija, chimene ng'ombe inawaponda achimwene ali mwana.

"Ndi yemweyo," anatero.

Anamanganso duku lawo bwinobwino, natola kathumba kawo.

"Uwauze amalume ako abwere ndi lumo Loweruka."