Ndinkawerenga Chiswidishi Choimirira

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8 kwathu ku Dedza, ndiye munthu akandifunsa za mabuku ndimayamba ndaseka kaye. Komabe mabuku a Chiswidishi ndinawerengapo ndithu, ena mpaka kumapeto, mokweza mawu, osamvapo kanthu. Kaya kumeneko ndi kuwerenga kaya ayi, inunso muona.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kunja kuno, ku Toronto, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Akuofesi ananditumiza ku Oakville, kwa amayi ena okalamba kwambiri amene ankakhala okha m'nyumba yaikulu. M'mawa ndinkakwera sitima kuchokera ku Toronto, kenako basi, kenako wapansi pang'ono. Ntchito yake ndi yomweyi, kuwasambitsa, kuwaveka, mankhwala, kuphika, kuonetsetsa kuti asagwe. Amayiwo anabadwira ku Sweden, kuno anabwera atakwatiwa. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana anali mmodzi yekha, bambo wamkulu waimvi zake, wogwira ntchito ya makompyuta ku Markham, amene ankabwera Loweruka lokha.

Tsiku loyamba bamboyo sanandibisire. Anati, "Mayi anga maso anafooka, sangathenso kuwerenga. Chingelezi chikuwathawa. Tsiku lonse amangokhala duu, chakudya amangochiyang'ana. Zikapitirira chonchi, kusanayambe kuzizira tiwapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Dzina tinalembetsa kale."

Amayiwo anali pampando pomwepo, bulangete pamiyendo. Anangoti, "Ayi." Tsiku limenelo sanalankhulenso china.

Pabalaza panali mabuku khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Mwana wawo anali atawagulira kachipangizo kowawerengera mabuku m'chilankhulo chawo, koma iwo anakafunditsa kansalu ka mbale. Pambuyo pake anandiuza kuti munthu wa m'menemo sapuma ndipo sungamukalipire.

Tsiku lina ndikupukuta fumbi, buku limodzi linagwa. Potola ndinangotchula mawu a pachikuto, monga mmene munthu amawerengera chikwangwani pamsewu. Zilembo zake ndi zathu zomwezi, kungoti zina zili ndi timadontho tiwiri pamwamba, ndipo china chinasenza kankhata. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Bwereza." Ndinabwereza. Anapukusa mutu, n'kutchula okha, milomo atayisongola ngati akuuzira phala. Ndinayesa. Anati ndalakwitsanso. Anati nditsegule tsamba loyamba.

Apa ndifotokoze kaye chinthu chimodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ine kuwerenga mokweza ndinaphunzirira kutchalitchi, kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi. Kumeneko sumawerenga uli chikhalire. Umaimirira, buku umaligwira ndi manja awiri, umatsokomola pang'ono, kenako umayamba modekha, liwu lolemera, pothera ndime n'kulitsitsa pansi kuti anthu avomere. Njira ina sindinkaidziwa. Ndiye ndinaimirira pakati pa balaza la eni ake, ndi yunifolomu yanga yabuluu, n'kuyamba.

Anandidula pafupifupi mawu alionse. Ankakwiya zenizeni, kumenya dzanja pampando. Koma titamaliza tsamba limodzi anati ali ndi njala, ndipo supu anamwa yense.

Kuyambira pamenepo masana alionse tinkawerenga. Maso analibe koma khoma lawo ankalidziwa ngati munda wawo. Ankati, "Shelefu yachiwiri, kumanzere, lachikuto cholimba, lonunkha chinyezi." Ndipo linalidi pomwepo. Anali ndi lamulo lawo la kawerengedwe. Pamwamba panali akale, olemera, ena amkati mwachikasu. Ankati amenewo ndi a alimi, abusa, njala ndi kuzizira kosatha, ndipo munthu uyenera kuyambira pamenepo ngakhale akutopetse. Pakati panali amene analembedwa ndi anthu antchito, ana a aganyu a m'mafamu, amene sukulu sanapite nayo patali. "Ngati iwe," anatero, osati mondinyoza, anangonena. Ine ndinadabwa kuti kuli dziko limene munthu wa Sitandade 8 amalemba buku n'kuikidwa pashelefu. Panalinso timabuku topyapyala ta ndakatulo, tina ankati n'ta ku Finland, poti kumenekonso kuli anthu olankhula Chiswidishi. Pansi penipeni panali atsopano, achikuto chofewa, a apolisi ndi mitembo yopezeka m'chipale chofewa.

Ankandiuza kuti, "Wina akadzakufunsa, udzamuuze chonchi. Lakale limodzi, la anthu antchito awiri, ndakatulo pang'ono ngati mchere. Apolisi pomaliza. Woyamba ndi apolisi sabwereranso pamwamba."

Ine ndinkangoti chabwino Mama. Ndani angadzandifunse ine?

Chingelezi chawo chinayamba kubwerera, mwina chifukwa ankachifuna pondikalipira. Nthawi zina ankandiimitsa n'kundifotokozera zimene ndawerenga, kuti apa ng'ombe yafa, apa mwana watumizidwa kukagwira ntchito kwa eni. Nthawi zina osafotokoza, kungotseka maso.

Ndiye panali buku lina la pashelefu yapakati, lachikuto chofiira chothetheka. Limenelo sankafuna kuyambira koyamba. Ankati nditsegule pamene pali popinda tsamba, ndipo mopinda munali mwambiri. Ndikangoimirira, kutsokomola, n'kuyamba, iwo ankayamba kugwedezeka mapewa. Pofika pakati ankaseka mpaka kutsamwa, ine n'kuthamangira madzi. Ndinkaganiza kuti akuseka katchulidwe kanga. Ndiye ndinkalimbikira, kuwerenga modekha kwambiri, liwu kulilemeretsa kuposa kale. Iwo kuseka kumawonjezeka.

Sabata ina mnzanga amene ankawasamalira Loweruka anadwala, akuofesi anandifonera kuti ndikagwire ntchito m'malo mwake. Masana amayiwo anaitanitsa lofiira lija. Ndili mkati mowerenga, mwana wawo analowa. Anaima pakhomo la balaza, makiyi a galimoto ali m'manja, osasuntha. Azungu paja manyazi awo amaonekera pakhungu. Anafiira mpaka m'makutu. Ndinamaliza ndime, kutsitsa liwu bwinobwino monga mwa nthawi zonse. Iye anandikodola kuti tipite kukhitchini.

"Mukudziwa zimene mukuwerengazo?"

Ndinati ayi bambo, mayi anu ndi amene amasankha.

Anakanda m'mutu. "Chiswidishi changa n'chochepa, koma pamenepo ndamva. Ndi mwamuna ndi mkazi. M'khola la udzu. Wolembayo sanabise kalikonse."

Ine ndinatsuka kapu imene inali yotsukatsuka kale. Iye anali pakati pa kuseka ndi kupepesa, kenako anati mayi ake sanawamvepo akuseka chonchi chimwalirireni bambo ake. Mawu amenewo ndinawamva, koma nthawi imeneyo sanandilowe. Chimene ndinkaona ine ndi amayi a Lachinayi aja atakhala pamabenchi, ine nditaima kutsogolo kwawo ndi liwu lomwelo.

Lolemba masana amayiwo anati, "Lofiira." Ndinati ayi.

"Mama, ndinu akuluakulu. Kundiwerengetsa zolaula ine, osandiuza?"

"Sunafunse."

"Ndikanafunsa bwanji chinthu chimene sindikuchidziwa?"

"Unawerenga za ana akufa ndi njala, sunadandaule. Unawerenga za munthu wodulidwa khosi, sunadandaule."

"Sindinkamva!"

"Nanga izi ukumva?"

Komabe buku sindinatsegule, lofiira kapena lina lililonse, chifukwa ndikanadziwa bwanji kuti enawo muli zotani. Iwo anatembenukira kuwindo. Sabata imeneyo inatha choncho. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala. Mbale inayambanso kubwerera ndi chakudya. Kunja masamba anali atayamba kufiira, kuzizira kukuyandikira. Lachisanu mwana wawo anaimba foni, anati kunyumba ya okalamba kuja kwapezeka chipinda, akufuna yankho msanga. Anandifunsa mmene mayi ake alili. Ndinanena zoona, kuti sakudya bwino.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, tikumwa tiyi kuchipinda chapansi, ndinakokera pambali mayi wina wa ku Chipata, namwino, wamkulu kwa ine, amene ndimamudalira. Ndinamufotokozera zonse monong'ona. Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa chitenje.

"Imwe ba sisita! Choimilila? Na mau ya pa guwa?"

Ndinati musaseke amayi, ine zikundivuta.

"Manje chimo ili pati? Mukamwa olo mumutima? Imwe simunamveko kanthu."

Ndinati pano ndikudziwa.

"Nanga kwanu kulibe alangizi? Pamene munali kukwatiliwa, anakuimbilani nyimbo za mu kwaya?"

Apo ndinaseka nanenso, chifukwa nyimbo zimene anankungwi anandiimbira ine usiku wa chilangizo sindingazibwereze pano. Ndipo amene ankatsogolera nyimbozo anali amayi omwewo a Lachinayi, atangovula mipango yoyera. Ndili m'sitima yoyenda pansi pa nthaka pobwerera kunyumba ndinaganiza kwambiri. Kwathu munthu wachikulire ali ndi ufulu wotchula zinthu zimenezi, palibe amam'dabwa. Kungoti zili ndi malo ake, zili ndi kakhalidwe kake, mumakhala pansi pamphasa chitseko chili chotseka. Ndiye chimene chinkandiwawa kwenikweni, ndikaganiza bwino, sichinali mwamuna ndi mkazi a m'khola la udzu aja. Chinali liwu lija. Liwu limenelo ndi la Mawu a Mulungu, ine ndinalibe lina loti ndibwereke.

Lolemba ndinatenga mpando wa kukhitchini n'kuuika pafupi ndi wawo. Ndinatenga lofiira lija ndekha.

"Mama, ndiwerenga. Koma ili ndiwerenga chokhala, ndi mawu anga ochezera. Ndipo pamene pali zoterezi muzindiuza ndisanayambe."

Iwo anati, "Kukoma kwake kunali kuimirirako."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakana."

"Ndiwe wouma mtima."

"Inu ndinu wakuba."

Anatulutsa kamawu kena ka Chiswidishi kamene sindinafunse tanthauzo lake. Kenako anafunsa ngati akale aja ndipitirize kuwawerenga choimirira. Ndinati amenewo inde, ngati mulidi alimi ndi abusa okhaokha. Anati abusa a m'mabuku amenewo ndisawakhulupirire kwambiri. Ndinati ndiye muzindichenjeza. Tinagwirizana choncho.

Kuwerenga chokhala kunandivuta poyamba, mawu ankangothamanga. Iwo sanasekenso ngati kale, ankangomwetulira, nthawi zina n'kundiuza kuti ndibwereze ndime. Koma kukalipa kunabwerera, ndipo ndi kukalipako njala inabwereranso. Kangapo anayesa kundibera, kundiimiritsa pa buku lakale pamene panali zawo zomwezo. Ndinkawagwira ndi mapewa, akangoyamba kugwedezeka ine n'kukoka mpando.

Loweruka lotsatira sindinali pantchito, ndiye zimene anakambirana ndi mwana wawo sindinazione. Mnzanga uja anangondiuza kuti anakangana nthawi yaitali, m'zilankhulo ziwiri, amayiwo akudya buledi ndi nsomba zawo za m'botolo. Lolemba bamboyo anandiimbira ndili m'basi. Anati chipinda chija wauza eni ake kuti apatse wina, aonanso kukayamba kufunda. Anafunsanso ngati ndingapitirize kubwera masiku onse asanu. Ndinati ndikhoza.

Madzulo ake ndinatsikira kusitolo kukagula nsapato zazitali za m'chipale, chifukwa kanjira kochokera pamalo otsikira basi kukafika kunyumba imeneyo sakalambula msanga kukagwa chipale.